Dopi ya .308 yadukira m'chemba ulendo wachinayi, ndithandizeni

Wapa renji, Kempton Park

Akuluakulu mwaswera bwanji kuno ku Joni. Pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka. Ena mukundidziwa ndimagwira pa renji yoombera mfuti mbali ya kuno ku East Rand, ndipo chaka chatha laisensi ya mfuti yanga ya .308 itatuluka ndinagula pulesi yolongera zipolopolo yogwirapo kale ntchito ndi madayi ake, zitsulo zosayizira dopi, kutanthauza kufinya chigoba chamkuwa cha chipolopolo kuti chibwerere mu saizi yake, nkuyamba kulonga ndekha zipolopolo, poti mtengo wa za mshopu mukuudziwa nokha. Ndiye Loweruka ndikuombera pa mamita 100, chipolopolo cha nambala 7 chalira mwachilendo ndipo kampweya kotentha kandiwomba pa tsaya, mwayi ndinali nditavala magalasi. Kukoka boluti, chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo, kwangotuluka kathako kokha ka dopi, kachidutswa ngati sentimita imodzi basi, thupi lonse latsalira m'chemba, momwe chipolopolo chimakhala mu mfuti. Podukapo posalala bwinobwino ngati wina wachita kudula ndi mpeni. Ndinasiya pompo kuombera, chotsaliracho tinachikoka ndi bulashi yaikulu ya waya, kuilowetsa chakumbuyo nkuibweza, chinatuluka mosavuta ndipo chemba sikuoneka kuti yakandika.

Dopi imeneyi unali ulendo wake wachinayi m'manja mwanga. Onga ndikugwiritsa S335, mlingo wake uli pakati pa tebulo la m'buku la Somchem, opanga ongawo, sindinayandikire olo pang'ono ku maximum. Mnzanga wina akuti mkuwa wa kampani yomwe inapanga dopiyo ndi wachabechabe ndigule wina. Ndili ndi zolonga kale 60 mu bokosi ndipo ndikuopa kuzikhudza. Vuto ndi madopi, mfuti, kapena ndine?

Madala a ku Boksburg

Mphwanga tithokoze Mulungu kuti maso alipo onse awiri. Zomwe zili mu bokosizo usaombere ngakhale chimodzi mpaka timalize kukambirana. Ndiyankhe izi kaye. Madopiwo unawatenga kuti, atsopano, a zipolopolo za mshopu zomwe unaombera wekha, kapena otola? Wati ulendo wachinayi m'manja mwako, nanga asanafike m'manja mwako anayenda kangati? Dayi yosayizira unaimanga bwanji pa pulesi? Ndipo wawadulapo kukamwa kangati chiyambireni? Dzina la kampani ulisunge kaye, sindikuliona likulowa mu nkhaniyi.

Wapa renji, Kempton Park

Zikomo madala. Kunena zoona ambiri ndi otola. Madzulo tikamasesa pa renji bwana anandilola kuti a .308 ndizipatula ndisanathire enawo mu mgolo wa sikirapu, ndiye ndili ndi ndowa ya malita 20 yatsala pang'ono kudzadza. Muli a makampani a PMP, Winchester, Hornady, S&B, ena zilembo zake sindizimva nkomwe angolemba manambala. Ndimangotapa, kutsuka mu tumbler, makina otsukira madopi, kuyang'ana ngati khosi silinang'aluke nkulonga. Kuti anayenda kangati kwa eni ake oyamba zimenezo sindingayankhe. Dayi ndinaimanga mmene kapepala ka mu bokosi kananenera, kutsitsa mpaka igunde shellholder, kachitsulo kogwira thako la dopi pa pulesi, kenako kuonjezera kota ya mzungulire nkumanga loko, ndipo sindinaigwirenso chiyambireni. Kudula ndiye ndimadula ulendo uliwonse chifukwa nthawi zonse ndimawapeza atadutsa 51.18 mm, utali womwe dopi ya .308 siyenera kupitirira, ndimaona ngati ndi mmene zimakhalira.

Mnyamata wa ku Turffontein

Aise taya ndowa yonseyo ugule madopi a Lapua bokosi la 100 nkhani ithe. Ine anga a 6.5 Creedmoor ali ulendo wa 9 palibe olo imodzi yaduka. Komanso uziwawotcha makosi kuti afewe, mkuwa ukamapindidwapindidwa umauma gwa ndiye umathyoka, ndi zomwe zakuchitikirazo. Ine ndimawotcha ulendo wachitatu uliwonse ndi kabotolo ka gasi ndi drill.

Wa ku workshop ya mfuti, Roodepoort

Mphwanga wa ku Turffontein, Lapua ndi mkuwa wabwino palibe akutsutsa, koma akagula lero nkuupititsa mu dayi yomangidwa mmene wafotokozeramo, nawonso udzaduka malo omwewo, mwina ungochedwerapo maulendo angapo. Ndipo kuwotcha kumathandiza khosi ndi phewa, kuthako sikufikako ndipo sikuyenera kufikako.

Achimwene a ku Kempton, yankho mwalinena nokha pomwe mwati mumadula ulendo uliwonse. Tadzifunsani, mkuwa womwe mukudulawo ukuchokera kuti? Dopi siimera ngati udzu. Zimayenda chonchi. .308 ilibe mkombero wotulukira kunja woti uyigwire, chomwe chimaiimitsa m'chemba ndi phewa. Pini ikamenya primer, kabatani kakuthako koyatsa onga, imakankha dopi yonse kutsogolo mpaka phewa ligunde, ndiye kampata konse kamene kalipo kamatsalira kumbuyo, pakati pa thako ndi nkhope ya boluti. Onga ukayaka mbali ya kutsogolo yomwe ndi yopyapyala imafufuma nkukakamira khoma la chemba, siisunthanso, pomwe thako lomwe ndi lokhuthala silikakamira, limakankhidwa kubwerera mpaka likagunde boluti. Pamenepo mkuwa uyenera kutanuka penapake, ndipo umatanuka pomwe khoma lopyapyala likukumana ndi tsinde lokhuthala, pamalo pomwe yanuyo yadukira ndendende. Mukaibweza mu dayi nkukankhanso phewa kwambiri mwabwezeretsa kampata kaja, mkuwa wotsala ukuthawira kukhosi, inu mukudula, ulendo wotsatira ikutanukanso pomwe paja. Kanayi kokha nkokwanira ngati kampatako ndi kakakulu.

Kapepala ka mu bokosi sikananame, kanalembedwa kuti chipolopolo chilowe mu mfuti ina iliyonse ya .308 padziko pano. Koma inu mukulongera mfuti imodzi. Pa mfuti ya boluti phewa limangofunika libwerere 0.05 mm kuchokera pomwe linafika poombera, osapitirira 0.08 mm. Kuti muyeze simufunika kugula comparator, chida choyezera phewa, lero. Pa renji panu pali madopi a pisito a .40, tengani imodzi ya kukamwa kowongoka, ivundikireni pakhosi pa .308 ikakhale pa phewa, muyeze zonse ziwiri pamodzi ndi vernier, chida choyezera mamilimita. Nambala yeniyeniyo ilibe ntchito, chofunika ndi kusiyana kwa dopi yoomberedwa mu mfuti yanu ndi yomweyo itatuluka mu dayi. Yambani mwachotsa primer yakaleyo chifukwa ikatulukira pang'ono imanamiza. Yezani zisanu mutiuze.

Mfutiyo mubwere nayo tidzayese ma gauge a go ndi no-go, tizitsulo toyezera ngati chemba ili mu mlingo, ndi ntchito ya mphindi zisanu, tisamangoimba mlandu dayi mwina chemba nayo ili ndi mbali yake.

Madala a ku Boksburg

Wanena zonse mwana wa ku Roodepoort, ine ndingoonjezera za manja. Mphwanga tenga kawaya kopanira mapepala kaja, ukawongole, kunsonga upinde pang'ono ngati ndowe ya mbedza nkunola pa fayilo. Lowetsa m'dopi mpaka pansi, uzikoka pang'onopang'ono nsonga ikukanda khoma. Dopi yabwino kawaya kamatsetsereka osamva kanthu. Yotopa umamva kakukodwa mu kangalande, kachala kako kamamva bwinobwino ngati ukudutsa pa mng'alu wa mbale. Kunja kwake nthawi zambiri pamakhala kamzere kowala kozungulira, kopyapyala ngati tsitsi, koma usamale pali mzere wina womwe dayi imasiya pomwe yathera, umenewo ndi wotambalala ndipo ndi wosaopsa, anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Ukakayika cheka imodzi mlitali ndi sowo ya zitsulo uone ndi maso ako. Ine ndili nayo yocheka yomwe ndinaikhomera pamwamba pa benchi zaka zambiri zapitazo.

Ndinaphunzira zimenezi pa .303, Lee-Enfield No. 4 yanga yoyamba. Imeneyo imaima pa mkombero osati pa phewa, chemba zake zachisilikali zinapangidwa zotakasuka kuti chipolopolo chilowe ngakhale muli fumbi ndi matope, komanso boluti yake imakhoma chakumbuyo ndiye imapatsa mpata kuti dopi itanuke. Ndinkasayiza thupi lonse ulendo uliwonse, madopi ankaduka ulendo wachitatu, ndipo ndinatukwana mkuwa wosalakwa chaka chathunthu mpaka mkulu wina wachibunu yemwe ndinkaombera naye anaika dopi yanga yoombera pafupi ndi yatsopano pa tebulo. Phewa linali litasamukira kutsogolo moti sunkafunika vernier kuti uone. Chichokereni tsiku limenelo pa .303 ndimasayiza khosi lokha ndipo madopi a mfuti imeneyo sasakanikirana ndi a ina.

Zolonga kale 60 zija kawaya sikangalowemo. Uzimasule zonse ndi hamala yozulira ija, onga ubwerere mu chitini chake ngati ukutsimikiza kuti ndi mtundu umodzi, mitu ya zipolopolo usunge. Ndi usiku umodzi wotopetsa, ndikudziwa.

Achemwali a pa kauntala, Randburg

Moni nonse. Ine ndilankhulepo za ndowayo poti pa kauntala ndimakumana nazo sabata iliyonse, munthu kubwera ndi pini ya dayi yochotsera primer yothyoka akuti ndinagula yabodza. Achimwene musanachite chilichonse khuthulani ndowayo pa tebulo, muyambe mwadutsitsa maginito kuchotsa achitsulo. Kenako tochi ya foni, suzumirani m'kati mwa iliyonse. Kabowo kamodzi pakati ndi Boxer, imeneyo mutha kulonga. Timabowo tiwiri tating'ono m'mbali ndi Berdan, pini yanu ikatsika imakagunda mkuwa wosabooka nkuthyoka. Ambiri a 7.62 achisilikali akale, aja ofanana ndi a .308, omwe amapezeka kuno ndi otero, ndipo ndikuganiza aja mwati angolemba manambala ndi amenewo. Achisilikali ena ndi Boxer koma primer yake anaikhomerera ndi kamkombero, yakale imatuluka movuta ndipo yatsopano siilowa mpaka mutakonza kukamwa kwa kathumba kake.

Chachiwiri, ikani pa sikelo. Kunja onse ndi ofanana poti atuluka mu dayi imodzi, ndiye dopi yolemera ndiye kuti makoma ake ndi okhuthala ndipo m'kati muli malo ochepa. Onga womwewo mu chipinda chochepa pulesha imakwera. Inu mukuti muli pakati pa tebulo, inde, koma tebulolo analiyesa ndi mtundu umodzi wa dopi, osati ndowa. Mukasintha mtundu wa dopi mumabwerera ku mlingo woyambira nkukweranso pang'onopang'ono.

Koma chomwe ndimafuna kunena kwambiri ndi ichi. Ganizirani amene amasiya madopi pansi ndi ndani. Pali mlenje wa biltong yemwe wabwera mu April kapena May kudzawongola sikopu, galasi lolozera la mfuti, nyengo yosaka isanayambe, wagula bokosi mshopu, waombera 20, alibe nazo ntchito. Amenewo ndi golide. Ndiye pali wolonga mnzanu, yemwe amawerenga madopi ake ngati ndalama ndipo amagwada kufunafuna imodzi ikagwera pansi pa benchi. Munthu ameneyo akasiya dopi dala ndiye kuti yatha ntchito. Mukasesa madzulo awiriwa amalowa ndowa imodzi. Inu muli ndi mwayi womwe enafe tilibe, muli pomwepo munthu akutsegula bokosi latsopano. Mpempheni mwaulemu, bwana ngati simulonga mundisungire mu bokosi lake lomwelo. Mukatero muli ndi 20 a kampani imodzi, loti imodzi, oombera kamodzi, ndipo mwaona ndi maso anu. Lembani deti pa bokosipo. Mu nyengo imodzi mupeza okwanira zaka.

Wapa renji, Kempton Park

Abale ndagona 1 koloko usiku ndipo ndabwera ndi manambala. Ndinatenga madopi asanu mwa asanu ndi limodzi omwe ndinaombera Loweruka isanaduke ija, kuchotsa ma primer, kuyeza ndi ka .40 kaja, kusayiza nkuyezanso. Kusiyana kwake 0.24, 0.27, 0.19, 0.28 ndi 0.22 mm. Achimwene a ku Roodepoort munati 0.05. Ndiye kuti ndakhala ndikukankha phewa kasanu kuposa mlingo, ulendo uliwonse, chaka chonse. Ndinakhala kaye pansi.

Kawaya nako kanena zake. Pa 60 zomwe ndamasula, 17 kakukodwa moonekeratu, zina 9 ndikukayikira. Ndacheka imodzi mwa 17 zija ndipo madala zomwe munanena ndaziona, kangalande kozungulira m'kati, pamenepo khoma latsala lopyapyala ngati chitini cha Fanta pomwe m'munsi mwake ndi lokhuthala bwino. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali poganiza kuti imeneyi inali mu bokosi kudikira tsaya langa. Ndipo sizinasankhe kampani, pa 17 zija muli mitundu inayi yosiyana.

Achemwali, sikelo ndiye yandidabwitsa. Yopepuka kwambiri 158 grain (muyezo wa kulemera womwe olonga timagwiritsa), yolemera 181, zonse ndimathira onga wofanana. Nchifukwa chake mwina gulu langa pa chandamale limakhala lotalika chokwera, zitatu pamodzi kenako imodzi pamwamba payokha, ine nkumati ndi mpweya wanga kapena chala. Berdan ndapeza 31 mu theka la ndowa lomwe ndafika. Funso langa tsopano, bwanji manambala asanu aja sakufanana poti dayi ndi imodzi ndipo sinasunthe? Ndipo ndingoyamba kusayiza khosi lokha ngati mmene madala amachitira pa .303?

Wolondola nyama, Thabazimbi

Ndalowa mochedwa netiweki kuno ku famu ndi ya pamwamba pa chulu. Achimwene za khosi lokhazo pa renji zili bwino koma ngati mfutiyo mudzapita nayo kutchire ganizani kawiri. Ndaonapo ndi maso anga kasitomala walasa nyumbu pamalo olakwika, nyama ikuthawa, akufuna kulowetsa chachiwiri boluti ikukana kutseka chifukwa madopi ake anali atasayizidwa khosi lokha maulendo angapo, phewa lakula, kuonjezera fumbi lathu lofiirali. Tinailondola nyumbu imeneyo mpaka dzuwa kulowa. Chipolopolo chosakira chiyenera kulowa ngati mwapaka batala, ndipo musananyamuke muzidutsitse zonse mu mfuti pamalo otetezeka pa renji, chimodzichimodzi. Ine zosakira ndimalonga pa madopi a ulendo woyamba kapena wachiwiri basi, okalamba ndi a mapepala.

Chinanso, zomwe mwayesa mmawa wa June ku Joni manja akuuma ndi chisanu sizikhala chimodzimodzi kuno masana a October bokosi litakhala padzuwa mu bakkie. Kutentha kumakweza pulesha. Ngati dopi ndi yolemera kale ndiye zaphatikizana.

Ndipo poti tikunena zotola, musadzatole dopi pa lupsa. Kuno moto ukadutsa timawapeza ambiri m'malo omwe alenje amaimapo, akuda bii kapena ofiirira. Moto wafewetsa thako lonse, imeneyo ndi yongophwanya ndi hamala.

Mnyamata wa ku Turffontein

Chabwino ndavomera za phewa, ndinathamanga. Koma manambala osafananawo si umboni woti akufunika kuwotcha? Olimba amabwerera akatuluka mu dayi, ofewa amakhala pomwe wawaika. Kapena ndikunama madala?

Madala a ku Boksburg

Apa ndiye wanena zoona mphwanga, ndipo wamuyankha mnzako funso lake loyamba. Mkuwa wa madopi ndi magawo 70 kopa, 30 zinki, ndipo ukamaupinda umalimba. Dopi yoyenda kasanu ndi kawiri imakana dayi, ikatuluka phewa limabwererako pang'ono, pomwe ya ulendo umodzi imamvera. Ndiye ukasakaniza, ukamanga dayi kuti yolimba ilowe m'chemba ndiye kuti yofewa waikankha mopitirira. Palibe malo amodzi a dayi omwe angakomere ndowa yonse. Nchifukwa chake timasunga m'magulu, 50 kapena 100 oyendera limodzi, kuomberedwa limodzi, kusayizidwa limodzi, kutayidwa limodzi. Ine ndimaika kakhadi mu bokosi, ulendo uliwonse ndimalemba deti, onga, mutu, ndi chizindikiro ngati ndadula. Gulu likafuna kudulidwa kachisanu ndimalipumitsa lonse osafunsa, ndipo primer ikayamba kulowa osamva kulimba kulikonse dopi imeneyo ndimaiphwanya pompo.

Kuwotcha ndi kwabwino koma iyeyu wa ku Kempton asayambe pano, ali ndi zokwanira zoti aphunzire mwezi uno. Ukadzayamba, moto pakhosi ndi paphewa pokha, masekondi ochepa, ndipo likafiira ngati khala mu chipinda chowala wapyoza. Kutentha kukatsikira kuthako dopi yafa ndipo ndi yoopsa kuposa yomwe sunaiwotche. Pali utoto woyezera kutentha wa Tempilaq, ugwiritse umenewo osati kuyerekeza ndi maso.

Ndaona mwatchula tumbler. Musathiremo polishi wa m'nyumba wopukutira zamkuwa ngati ali ndi amoniya, fungo lake mulidziwa limalasa m'mphuno. Amoniya amang'alula mkuwa womwe uli wokokeka. Asilikali a Britain ku India anazionera, zipolopolo zosungidwa m'makola a akavalo nyengo ya mvula zinkang'aluka zokha, kenako zinadziwika kuti ndi amoniya wa mkodzo wa akavalo. Madzi, sopo wa mbale pang'ono ndi ka citric acid kunsonga ya supuni zimakwana, bola muumitse bwino m'kati.

Wa ku workshop ya mfuti, Roodepoort

Pa funso lachiwiri ndili mbali ya achimwene a ku Thabazimbi. Pa .308 sayizani thupi lonse ulendo uliwonse koma phewa lizibwerera pang'ono pokha, mupeza zonse ziwiri, kulowa kosavuta ndi moyo wautali wa dopi. Kamangidwe kake, masulani loko, bwezani dayi mzungulire umodzi wathunthu. Mano a dayi ndi 14 pa inchi, ndiye mzungulire umodzi ndi 1.8 mm, kutanthauza kuti 0.05 mm yomwe tikufunayo ndi kupotoza kosakwana mphindi ziwiri pa nkhope ya wotchi. Jambulani kamzere ndi maka pa dayi ndi pa pulesi kuti muziona. Pakani mafuta, sayizani, yezani, tsitsani pang'ono. Musadabwe poyamba nambala ikakwera m'malo motsika, dayi ikufinya thupi isanafike pa phewa ndiye phewa limathawira kutsogolo. Pitirizani mpaka itsike 0.05 pansi pa yoombera. Mukayandikira muzisintha dopi, osabwereza imodzi yomweyo kambirimbiri chifukwa imalimba nkukunamizani. Mukapeza malo mangani loko, yesani zina zitatu, ndipo shellholder imeneyo izikhala ndi dayi imeneyo mpaka kale.

Watsopano, Rosettenville

Pepani kulowerera akuluakulu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine mfuti ndilibe koma msuweni wanga ali ndi .308 ya laisensi, zipolopolo zikumudulira. Achimwene a ku Kempton mukakonza dayiyo simungamulongereko 50 akulipireni? Madopi abweretsa yekha.

Achemwali a pa kauntala, Randburg

Ayi achimwene, zimenezo zisayambike nkomwe pagulu pano. Firearms Control Act 60 ya 2000, gawo 93, limalola mwini laisensi kulonga zipolopolo zoti agwiritse mu mfuti yake ya laisensiyo. Kulongera wina nkulandira ndalama ndi kupanga zipolopolo, zimenezo zimafuna laisensi ina ya opanga. Gawo lomwelo limati ma primer asapose 2400 pa mfuti iliyonse, ndipo gawo 91 limati zipolopolo zisapose 200 pa mfuti, pokhapokha uli dedicated hunter kapena dedicated sport, mlenje kapena wamasewera oombera wovomerezedwa mwapadera. Ife obwera tinavutika kuti tifike pokhala ndi mapepala amenewa, competency yokha, satifiketi yoti ndiwe woyenera kukhala ndi mfuti, imafuna ukhale nzika kapena ukhale ndi permanent residence, munthu asataye zonsezo chifukwa cha zipolopolo 50. Komanso mwawerenga nokha pamwambapa, chipolopolo chosayizidwa pa chemba ya mfuti ina sichikhala cha mfuti ya msuweni wanu. Ngati akufuna aphunzire yekha, abwere pagulu pano timuthandiza.

Wapa renji, Kempton Park

Achimwene a ku Rosettenville achemwali ayankha kale, sindingatero.

Ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Mfuti ndinapita nayo ku Roodepoort, boluti ikutseka pa go, pa no-go ikukana, ndiye ili bwino, kungoti chemba yake ili chakumtunda kwa mlingo pomwe dayi yanga ikagunda shellholder imafinya chakumunsi, ziwirizi zinakumana pa ine. Zikomo achimwene simunandilipiritse.

Madopi onse omwe anadutsapo mu dayi ija isanakonzedwe ndawaphwanya ndi hamala, olo omwe kawaya sikanakodwe, mtima sunandilole. Ndinatsata nzeru ya achemwali, bambo wina ndi ana ake awiri anabwera ndi mabokosi atatu a PMP atsopano a loti imodzi kudzakonzekera ulendo wa ku Limpopo, ndinawapempha ndipo anandibwezera onse 60 mu mabokosi ake osavuta. Ulendo woyamba ena anali othina poti anaomberedwa mu mfuti zina, ndinasayiza mpaka boluti itseke mosakakamiza, kudula onse 50.93 mm, kubwerera ku mlingo woyambira wa m'buku nkukwera pang'onopang'ono. Nditawaombera mu yanga ndi pomwe ndinamanga dayi pa 0.05, zinanditengera madopi 8 ndi madzulo onse, magetsi anazimanso pakati ndinamalizira ndi tochi ya pamutu. Pano ayenda kawiri chimangireni dayi. Ndayeza onse dzulo, wotalika kwambiri ndi 51.01 mm, sindinadule olo imodzi, ine amene ndimadula ulendo uliwonse. Kawaya kakutsetsereka mwa onse. Ndipo ija imathawira pamwamba payokha sindinaionenso, zisanu zikukhala malo amodzi oti ndikuphimba ndi ndalama yachitsulo ya R5.

Kakhadi kali mu bokosi lililonse madala. Yocheka ija ndaipachika pa bolodi la pa renji pafupi ndi malamulo, anthu awiri andifunsa kale kuti ndi chiyani ndipo mmodzi anabwera mawa lake ndi madopi ake a .243 kuti timuyesere kawaya, tinapeza atatu.

Madala a ku Boksburg

Wachita bwino mphwanga. Theka la ndowa lomwe sunalisankhe lija usalitaye lonse, Loweruka likubwerali ndidutsa kumeneko cha m'ma 10, tidzakhale pansi ndikuonetse kusiyanitsa yoombera kamodzi ndi yodutsa mu dayi, timizere ta dayi pathupi ndi kukamwa kosemedwa zimaoneka ukadziwa poyang'ana. Ukonze tebulo ndi tochi yowala bwino, ine ndibwera ndi galasi lokulitsira. Wa .243 ujanso umuuze abwere ndi dayi yake ndi shellholder.